Misozi ya Mariya pa Thabwa la Endres

Endres wa mumzinda wa Ulm anakalambira pathabwa, akusema zithunzi za Yesu wopachikidwa zodinda pamapepala. Pa misozi ya Mariya pokha ankachedwapo mpaka maso kuchita chidima. Koma mapepalawo akangouma, mkazi wake Walburga ankawapaka utoto wofiira mosaumira, misozi yonse n'kukwiririka.

"Mayi, mwandiphera ntchito! Misozi ija ili kuti?"

"Inu bambo, anthu amafuna magazi a Ambuye. Misozi ali nayo kale kwawo."

Tsiku lina Endres anachita makani, n'kupita kumsika ndi zosapaka. Mayi wina anayang'anitsitsa chithunzi chimodzi, n'kumubwezera.

"Yesu wanuyu sanazunzike mokwanira. Ameneyu angamve za mwana wanga wodwala?"

Endres anabwerera kunyumba akukukuta mano, n'kukasakaniza yekha utoto wofiira uja.