Nkhuku ya ku Springburn

Ndinaganiza zopita kunja kwa dziko chaka chimene mvula inagwetsa khoma la nyumba yathu ku Balaka. Malipiro anga a uphunzitsi sakanatha kulimanganso. Mkazi wanga Esinati sanandiletse. Anangoti, "Pitani, koma musakazolowere."

Ku Glasgow, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, palibe anafuna uphunzitsi wanga. Ntchito ndinaipeza ku Springburn, dera lina la mumzindawo, kwa Mayi Pauline, mayi wa ku Jamaica wogulitsa nkhuku yowotcha ya kwawo, imene iwo amaitcha jeki. Tsiku loyamba anandipatsa tsabola wachikasu kuti ndinunkhize.

"Ameneyu ndi mbale wake wa kambuzi," ndinatero.

"Ndiye uli ndi mphuno. Vala magolovesi."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinapera zinthu zomwezo: tsabola, anyezi wamasamba, adyo, jinja, timasamba tokometsera ta tayimu, ndi timbewu takuda tonunkhira totchedwa pimento. Ndinkathiramo madzi a mandimu, mchere ndi shuga wofiirira. Nyama ndinkaichekacheka mpaka pafupa, n'kupaka phalalo ndi zala, igone nalo kufikira mawa. Kenako pamgolo wodula pakati, moto wochepa, utsi wambiri, ine chiimire panja m'mvula yosakata ya kumeneko. Mayi Pauline ankabwereza kuti, "Ukaifulumizitsa, imapsa kunja, m'kati muli magazi."

Msana unkandiwawa, utsi sunkachoka m'malaya ngakhale kutchalitchi. Lamlungu ndinkaimba foni. "Tonse tili bwino," Esinati ankatero. Nanenso ndinkati ndili bwino. Ndalama zinkapita, zithunzi za khoma latsopano n'kumabwera.

Nditabwerera, nyumba ndinaipeza yokongola kuposa pazithunzi. Ana anandigwadira ngati mlendo wolemekezeka. Kabati ya mbale sindinkaidziwa, ndinkachita kufunsa kumene kuli mpeni.

Sabata yachiwiri ndinafuna kuwaonetsa ntchito imene inamanga nyumbayo. Ndinagula nkhuku ziwiri ndi kambuzi kumsika, pimento ndinali nditabwera naye. Ndinawotcha kuseri kwa nyumba masana onse. Ana anadya akupemerera m'kamwa, misozi ili chuchuchu, akuseka. Esinati anangotenga ndiwo zamasamba.

"Lawani pang'ono chabe," ndinamuchonderera.

"Tsabola anandiletsa kuchipatala."

"Liti?"

"Atandichita opaleshoni ya m'mimba. Papita zaka zitatu."

Ndinayang'ana ana. Onse anazyolika. Ankadziwa, ndipo Chisomo, mwana wathu wamkulu, ndiye anamudikirira m'chipatala masabata atatu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatani muli kutali choncho? Mukanangodwala nanunso."

Sanalankhule mokwiya. Anadzuka, n'kundithirira madzi osamba m'manja mwaulemu wake wonse. Pamene ankawerama ndinaona kuti akugwira pamimba ndi dzanja limodzi, ndipo Chisomo anali ataimirira kale kudzamulandira beseni, popanda womuuza. Pakhomopo aliyense ankadziwa chochita. Ine ndekha ndinakhala pampando, manja akudontha madzi, kudikira kuti wina andipatse chopukutira.