Diresi Lofiira Limene Anandivula M'basi

Ndikukumbukira, mano akutsogolo anali atangomera kumene. Zaka musandifunse, kusukulu sindinapondeko. Izi akundilembera ndi mdzukulu wanga Tadala, amene amagwira ntchito ya magetsi.

Tinkachoka ku Mitundu kupita ku ukwati ku Nathenje, ine ndi azakhali anga aNaphiri. Ndinavala diresi langa loyamba, lofiira psuu, likadanunkhira kusitolo. Masana kumwamba kunada bii, mvula nkuyamba, basi nkutitimira m'matope pakati pa minda ya fodya. Mphenzi ng'ani uku, ng'ani uko.

Mayi wina wonyamula nkhuku anandiloza chala. "Mwana wa ndani uyu? Chofiira chimaitana mphenzi! Mutulutseni, atiphetsa!"

Basi yonse inavomereza, ngakhale abambo a tayi amene ndinkayesa kuti ndi ophunzira. Anayamba kundikankhira kukhomo, ine ndikulira, nditakakamira mpando. Kunjako kunalibe nyumba ngakhale chigafa, munda wokhawokha.

Adalaivala, bambo wamfupi wa mafuta m'zikhadabo, anaima pachitseko. "Mwanayu satuluka. Panja ndiye pali imfa. Tsekani mawindo, manja pamiyendo, wina asagwire chitsulo!"

"Inu achimwene, mwaiwala kuti basi yanuyi ndi chitsulo chokhachokha?" anakalipa azakhali.

"Ndiye chitetezo chathucho, mayi."

Kodi anamva? Aa! Azakhali anandivula diresi pamaso pa anthu, natsegula windo, naliponya m'matope. Ndinatsala ndi kabudula wamkati wong'ambika, mano ali gwegwegwe.

Posakhalitsa kunawala mbee, phaa! Makutu anagontha, nkhuku zinabalalika, m'mphuno mukununkha ngati waya wopserera. Mphenzi inali itamenya denga la basi yathu. Tinayang'anana. Palibe anapsa ngakhale tsitsi limodzi.

Ine ndinati tsopano apepesa kwa adalaivala. Mayi wa nkhuku uja ndiye anayamba nthungululu. "Mwaona! Tikanachedwa kutaya chofiiracho tikanatha tonse!" Anthu nkumagwira azakhali chanza. Adalaivala anangopukusa mutu, navula jekete lawo kundifunditsa. Diresi lija galimoto imene inabwera kudzatikoka inalipondaponda. Ku ukwati ndinafika nditakulungidwa m'chitenje cha azakhali ngati mtolo wa chinangwa, anzanga akuvina.

Tadala ndiye wandimasulira bwino ndili kale ndi imvi. Akuti magetsi akagwera chinthu chachitsulo chotsekeka, safuna kuunjikana, amathawana okhaokha mpaka onse akhale pakhungu lakunja, kenako atsikire pansi. Mkati simutsala kanthu, monga mvula pa malata imayenderera pamwamba inu muli gone. Akutinso amakonda nsonga ndi chilichonse chimene chatalika pachokha, kaya ndi bulugama, kaya ndi kamwana koima pakati pa munda. Nanga mtundu wa nsalu? Mphenzi ilibe maso, agogo, amatero akuseka.

Ine sindiseka. Akanandiponya panja paja, nsongayo ndikanakhala ine.

Azakhali anakalamba mpaka kumwalira akudzitama pa maliro ndi pa zinkhoswe kuti anapulumutsa basi yathunthu ndi dzanja limodzi. Adalaivala aja dzina lawo palibe analifunsa. Ndinaphunzirapo kuti anthu akagwidwa ndi mantha, amene akudziwa chinthu mawu ake amachepa, ndipo amene amalipira ndi wamng'ono. Mpaka lero m'minibasi mitambo ikada, wina amayang'anitsitsa mpango wanga wofiira. Ndimaumanga kawiri, nkumuyang'ananso.