Fayilo ya pa 14 Malichi

Mayi Dailesi Namaona anabadwira ku Thyolo pa 9 Juni 1961, ndipo anafika ku Lilongwe ndi sutikesi imodzi mu Okutobala 1983. Anatayipa makalata kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, m'ofesi momwe pepala silinkatayidwa munthu asanaone tsiku lake ndi amene analisaina. Atapuma pantchito, khalidwe limeneli sanalisiye kuofesiko. Masiku ano ku Kawale, kuseri kwa msika, amawadziwa ndi makina opeta mabaji a yunifolomu, oyendetsedwa ndi kompyuta yakale yofiirira ngati dzino la wosuta fodya.

Lachiwiri pa 3 Seputembala 2024, kutatsala masiku khumi ndi atatu kuti sukulu zitsegulire, ntchito yopeta mabaji a sukulu ina ya ku Biwi ili pakati, kompyutayo inayamba kukwawa. Kenako pasikirini panatuluka chenjezo lofiira lakuti fayilo ina ndi yokayikitsa. Dzina lake silinkatchulika n'komwe: hxusb32.sys.

Anaitana alamu awo a Geoffrey, mng'ono wa malemu amuna awo, amene amakonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mafulashi ku Mchesi. A Geoffrey anangoyang'ana kamodzi.

"Vairasi iyi, alamu. Tifomate basi. Tifufute zonse, iyambirenso ngati yatsopano."

"Zonse?"

"Ndi mmene timachitira."

Mayi Namaona anayang'ana makina awo. Ankadziwa kuti penapake m'kompyutamo muli dalaivala, kafayilo kothandiza kuti kompyuta ndi makina zizimvana. Disiki yake inatayika posamuka mu 2019, ndipo a Yakubu amene anaiika anapita ku Joni osabwerera. Kukafufuta kameneko, makinawo akanangokhala chitsulo chotchingira chitseko.

"Chotsani dzanja pa mausipo," anatero.

"Alamu, izi si za singano ndi ulusi ayi."

"Ndinayamba kutayipa inu mukadali kudya dothi. Kalata iliyonse imakhala ndi tsiku. Fayiloyi inalowa liti muno?"

A Geoffrey anapumira m'mwamba, nadina pafayiloyo. "Pa 14 Malichi 2016."

"Linali Lolemba. A Yakubu anabwera nawo makinawa pa wilibala, atawafunditsa pulasitiki chifukwa cha mvula. Wasaina ndani?"

"Fayilo sisainidwa ngati kalata ya ukwati."

"Yang'anani bwino."

Inalidi yosainidwa. Panali dzina la kampani imene inaipanga. Mayi Namaona anavala magalasi, nawauza alamu awo kuti apendeketse makinawo, ndipo anawerenga kachitsulo kokhomedwa kunsi kwake chilembo ndi chilembo. Dzina linali lomwelo. Fayiloyo inalinso m'foda momwe mumakhala madalaivala anzake.

"Vairasi imatha kuba dzina," anatero a Geoffrey, mawu atatsikako.

"Imatha, sindikukana. Koma wakhala muno zaka zisanu ndi zitatu akundigwirira ntchito. Lero ndimutche mbala chifukwa mlonda watsopano sakumudziwa? Mlondayu munamuika ndinu Loweruka lapitali."

Zinali zoona. Pa 31 Ogasiti a Geoffrey anabwera ndi fulashi yawo, naika pulogalamu yolondera mavairasi, yomwe inatulutsa chenjezo lija, pamodzi ndi nyimbo za kwaya zimene palibe anawapempha.

"Tsono ndandalikani mafayilowa motsata masiku," anatero Mayi Namaona. "Tione alendo a Loweruka."

Mlendo anapezeka msanga. Anali m'foda yobisika, wopanda saini ya kampani iliyonse, ndipo ndiye ankaitopetsa kompyutayo. Analowa pa 31 Ogasiti, nthawi ili 2:40 masana, a Geoffrey akumwa tiyi pampando womwewo. Mlonda uja anamudutsitsa osamufunsa kanthu.

A Geoffrey anakanda m'mutu. "Fulashi imeneyi imalowa m'makompyuta ambiri, alamu."

"Ngati kapu ya pamaliro. Mchotseni ameneyo. Wa pa 14 Malichiyo musamukhudze, ndipo mumuuze mlonda wanu kuti ndi mwininyumba."

Pofika madzulo makina anali akugogoda monga mwa masiku onse. Mayi Namaona anakopera dalaivalayo pa fulashi yatsopano, naikulunga m'kansalu, naisunga pamodzi ndi setifiketi yawo ya kutayipa ya 1982. Baji yomaliza anaidula ulusi Lachinayi pa 12 Seputembala, ndipo tsiku lotsegulira anaima pakhomo kuonerera ana a ku Biwi akudutsa ndi ntchito yawo pachifuwa.

A Geoffrey amanenabe ku Mchesi kuti kufomata kukanakhala kwachangu. Mayi Namaona satsutsa. Amangoti kugwetsa nyumba pofuna kupha khoswe nakonso n'kwachangu. Pamabowo otsala olowetsera mafulashi a kompyuta yawo anamatapo tepi, nalembapo ndi dzanja lawo la mlembi: "Fulashi yachilendo ayi. Ngakhale ya alamu."