Fyuluta ya Alamu pa Msewu wa ku Makanjira

Njinga yamoto ndinagula nditasiya kupita panyanja. Mawondo anali atakana bwato, koma ntchito sindinaikane. Ndinayamba kunyamula usipa wouma kuno ku Lungwena kupita nawo kutauni ku Mangochi, pobwera ndi mchere ndi sopo. Njingayo ndimaisamala ndekha. Manja a eni sindiwakhulupirira.

Msewu wathu ndi fumbi lokhalokha. Lole ikakudutsa m'chilimwe umatafuna mchenga mpaka kunyumba. Injini nayo imapuma ngati munthu, ndipo pansi pa mpando pali kabokosi mmene mumakhala fyuluta yosefa mpweya. Imene inabwera ndi njinga inali ya pepala, yopindapinda ngati malata. Itadzaza fumbi, njinga inayamba kutsamwa pachitunda ndi kumwa petulo mosadziletsa.

Makaniko wa kutauni anandiikira ziwiri patebulo.

"Madala, sankhani. Ya pepalayi imasefa bwino ndipo ilibe ntchito. Ikada mumataya, n'kugula ina. Koma isaone madzi. Ya siponjiyi mumachapa, n'kuumitsa, n'kupaka oyilo kuti fumbi lizikakamira. Imakhalitsa, koma imafuna munthu wosatopa."

Ndinatenga ya siponji. Moyo wanga wonse ndachapa ukonde, ndauyanika, ndausoka. Chinthu chotaya chikada sindimachimvetsa.

Alamu anga, mchimwene wa akazi anga, ndi telala pamsika, ndipo ali ndi njinga yofanana ndi yanga. Iwo ndi a pepala. Akandipeza ndikufinya siponji, manja ali bii, ankaima pampanda n'kuyamba.

"Alamu, mwayambanso kusambitsa mwana? Mumudzoze bwino, angatuwe."

"Pitani mukataye ndalama kudzala," ndinkawayankha choncho.

"Ine manja anga ndi ogwira nsalu za anthu. Inu ngakhale kumanda mudzapempha sopo."

Tinkakangana motero nthawi zonse, ndipo palibe ankagonja.

Chaka china, dzuwa la Okutobala lili pamutu, mwana wa achemwali anga ankakwatiwa ku Makanjira. Bambo ake anamwalira kale. Mjomba wake ndine, ndipo kwathu kuno shehe samanga ukwati mwini mbumba asanavomere pamaso pa anthu. Mwamunayo anali wochokera ku Monkey Bay, abale ake anawoloka nyanja paboti, ndipo botilo linkabwerera tsiku lomwelo madzulo. Kuchedwa kwanga kukanatanthauza alendo kubwerera opanda mkazi, ndi mwana wa achemwali anga kusekedwa pachitsime.

Choncho kutatsala tsiku limodzi ndinakonza njinga. Ndinathira oyilo watsopano, ndinakunga tcheni. Siponji ndinaichapa m'palafini, kenako m'madzi a sopo, n'kuiyanika pamthunzi m'kashedi mmene ndimasungira njinga. Ndinapita kumzikiti kukaswali. Pobwera ndinapeza amayi a m'mudzi akukwera lole, poti iwo ankatsogola kukaphika. Akazi anga anali kale pamwamba, atakhalira thumba la mpunga.

"Bambo, kasiponji kanu kanauma, ndakapaka kale mafuta. Musavutike!" anakuwa lole ikunyamuka.

Ndinasuzumira pakhomo la shedi. Siponji inali pashelefu, ikunyezimira bwino lomwe. Mtima unakhala pansi. Ndinati mayiyu wakhala akundiyang'ana nthawi yonseyi, waphunzira. Ndinapita kukameta.

M'mawa nditavala mkanjo ndi mzuli, ndinalowa kuti ndiike fyuluta. Pashelefu panali zinyenyeswa za siponji, ndowe za makoswe ndi mzere wa nyerere. Ndinatola kachidutswa n'kununkhiza. Usipa. Akazi anga amakazinga usipa wogulitsa, ndipo mafuta otsala amasunga m'chigubu. Makoswe a m'shedi anadya phwando ukwati usanayambe.

Ndinakhala pansi. Ku Lungwena kulibe sitolo ya zotere. Kutauni ndi kumwera, Makanjira kumpoto. Lole ina ikanafika anthu atabalalika. Kuyenda wopanda fyuluta pamsewu umenewo ndi kudyetsa injini mchenga, ndipo ikanatha kundifera pakati pa tchire.

Alamu anafika akuliza hutala, poti tinapangana kuyendera limodzi, aliyense payake. Anayang'ana shelefu, anayang'ana ine, ananunkhiza. Anaseka mpaka anagwira khoma.

"Mwana wadyedwa! Alamu, pepani maliro. Mchemwali wanga wathira ndiwo mafuta, makoswe akanatani?"

"Mwatha?"

"Sindinathe. Pepala langa khoswe sanalinunkhizepo."

Akusekabe choncho, anagwada pa njinga yawo, anamasula kabokosi, anatulutsa fyuluta yawo ya pepala, yatsopano, n'kundipatsa. Njinga yanga ndiyo inali ndi matayala abwino a mumchenga, ndipo iwo ankadziwa.

"Ikani. Koma ine ndikwera kumbuyo, ndipo muzindimvera njira yonse."

Ndinaika. Inalowa ngati inabadwira momwemo. Njinga inalira kamodzi kokha.

Anasungadi mawu awo. Tikadutsa fumbi la lole ankandimenya paphewa. "Mukumva mmene ikupumira? Ngati mwana wakhanda!" Tikakwera chitunda ankafuulira anthu a m'mbali mwa msewu kuti aone nkhalamba yatembenuka mtima. Zoona zake njinga inkakoka bwino, koma sindinawauze.

Titapitirira theka la ulendo kumwamba kunada. Chizimalupsa chinagwa kumapiri, ife chinangotiwaza. Fumbi linagona, nthaka inanunkhira. Koma titafika pakhwawa lina lopanda mlatho, limene limakhala mchenga wouma chilimwe chonse, tinapeza madzi ofiira akuthamanga. Ndinalowa ndi ndodo kuyesa. Anafika m'ntchafu.

Ndinabwerera n'kuwayang'ana alamu. Kuseka kunali kutatha.

"Pepala lanu limadziwa kusambira?"

Ndinamasula kabokosi, ndinatulutsa fyuluta, pabowo ndinatseka ndi pulasitiki ndi mphira, kupaipi ya utsi chimodzimodzi. Fyuluta ndinawapatsa.

"Gwirani mwana wanu. Akanyowa, ukwati mukaufotokoza ndinu."

Anaiika pamutu, anaimanga ndi mpango wawo pansi pa chibwano ngati mayi wodwala dzino. Tinakwinya mikanjo m'chiuno. Ine ndinagwira mahandulo, iwo ankakankha kumbuyo, akutchula dzina la Mulungu pa phazi lililonse. Pakati pa madzi anaterereka, anakhala pansi mpaka m'chifuwa, koma khosi analiimika ngati kakowa. Fyuluta sinakhudze dontho. Amayi amene ankadikira kutsidya ndi mitolo ya nkhuni analuluta. Pamenepo ndinaseka, ndipo sindiseka kawirikawiri ayi.

Kutsidya tinapukuta, tinabwezera zonse. Ndinaponda kikisitata. Inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira. Alamu anavina ali chinyowere.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka pang'ono. Anthu anali atakhala kale pamikeka, shehe akuyang'ana kumsewu, alendo a ku Monkey Bay akunong'onezana. Achemwali anga atamva kulira kwa njinga anathamanga chitenje chili m'manja, akulira ndi kuseka pamodzi.

"Achimwene, ndimati mwatitaya!"

"Ndinanena kuti ndibwera."

Akazi anga anatuluka kukhitchini ndi chipande. Alamu sanadikire n'komwe moni.

"Chemwali, makoswe akuti zikomo, koma mchere unachepa."

Atamva nkhani yonse, mayiyo anagwira pakamwa. Kenako anandiyang'ana molimba.

"Oyilo wanu wakudayo ndi wonyansa. Ine ndinati paukwati njinga ipite ndi mafuta abwino. Ndinachita kusefa ndi kansalu."

Amayi onse anagwa nacho chiseko. Ndinalibe mlandu woti ndiwazenge akazi anga. Munthu wakupatsa mafuta ake ogulitsira malonda, atasefa, ungamukalipire bwanji?

Nthawi yosintha zovala panalibe. Ndinasamba m'manja ndi kumaso, n'kukhala pamkeka wa kutsogolo, mkanjo uli wofiira ndi matope kuyambira m'chiuno. Alamu anakhala pambali panga, madzi akudontha. Mnyamata wokwatirayo anali wowonda, wamanyazi, manja ake olimba ngati a munthu wokoka ukonde wa chilimira. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali mpaka anaweramitsa mutu. Anandikwanira.

Shehe anandifunsa ngati ine, mjomba, ndikumupereka mwanayo ndi mtima umodzi. Ndinayang'ana kukhonde kumene mwana wa achemwali anga anakhala pakati pa anzake, ataphimba nkhope ndi nsalu.

"Ndavomera," ndinatero mokweza, kuti amve ndi a kukhitchini omwe. "Mutengeni. Mukamusunge."

Nthungululu zinaphulika. Mwanayo anakweza nsalu pang'ono, anandiyang'ana ndi matope angawo, n'kumwetulira.