Elifala ndi Legeni Yosamangidwa

Kuseri kwa Nachisaka, kumene msewu umatha n'kusanduka kanjira ka mbuzi, kunali mkamwini wina dzina lake Elifala amene ankadziwa mfuti kuposa msilikali, koma chibadwire sanaphepo ngakhale mbewa. Mfuti zakezo zinali za m'foni. Ukamupeza pakhonde mutu uli zyoli, nkhope ili ndwii, unkayesa kuti walandira uthenga wa maliro. Ayi ndithu, mkuluyo ankakhala ali pa ntchito yaikulu yosankha mpope wa mfuti woti ugwirizane ndi tsinde lake.

Kwawo kunali ku Madisi. Sukulu anafika nayo Fomu 4, ndipo nzeru anali nazo, tisamunamizire. Atalemba mayeso analowa ntchito pashopu ya a Sharifu, yotchaja mafoni ndi kuikamo nyimbo, ndipo kumeneko n'kumene matendawa anamugwirira. Anyamata a njinga zamoto anamuonetsa gemu ya pa intaneti, momwe anthu osadziwana amakumana n'kumawomberana mpaka atatsala mmodzi. Mu gemuyo mfuti sibwera yathunthu, umalumikiza wekha. Umasankha mpope, tsinde lotsamiritsa paphewa, kagalasi koonera patali, kabokosi ka zipolopolo, ndi kachitsulo kotseka phokoso. Chilichonse chili ndi ubwino wake ndi chilema chake. Mpope wautali umafika patali koma umalemera, munthu suthamanga nawo. Tsinde lopepuka limakupatsa liwiro, koma mfuti imadumpha m'manja ukamawombera.

Anzake ankangotola zomwe zapezeka n'kulowa m'nkhondo. Elifala ayi. Iye chimene chinkamukomera chinali kulumikizako. Amange, ayese pakhoma, apukuse mutu, amasule, ayambirenso. Dzuwa linkalowa asanawombere mdani ndi mmodzi yemwe, ndipo akaphedwa, cholakwa sichinali chala chake, chinali tsinde. Anzakewo anamupatsa dzina loti Injiniya pomuseka, iye n'kulilandira ndi manja awiri ngati digiri.

Faines anakumana naye pashopu pomwepo. Mtsikanayo anabwera ku Madisi kudzadwazika mayi ake kuchipatala, ndipo ankabwera kudzatchajitsa kafoni kake. Pakamwa pa Elifala panali potsekemera, ndipo mtsikana wotopa ndi matenda sachedwa kukhulupirira mwamuna amene amaoneka wodekha. Faines sanadziwe kuti kudekha kwina ndi ulesi wovala malaya oyera. Anamanga ukwati woyera kutchalitchi, ndipo monga mwa mwambo mwamunayo ananyamula chikwama chake kukakhala kuchikamwini.

Mudzi wa kwa Faines unali m'chigwa, mapiri uku ndi uku. Netiweki inkafikako ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira pang'ono n'kubwerera. Apa m'pamene Elifala anadziwa kuti ukwati ndi mtanda. Khasu ankaligwira, inde, koma mzere umodzi ankauyang'ana nthawi yaitali kuposa kuulima. Mwana atabadwa n'kumutcha Marita, bamboyo anamunyamulapo kangapo, dzanja limodzi mwana, linalo litakweza foni m'mwamba kusaka netiweki.

Marita atayamba kuyankhula, Elifala anatuma ankhoswe ake kukapempha chitengwa, kuti amutenge mkazi wake akakhale naye ku Madisi. Zifukwa anayala zooneka bwino: chipatala chili pafupi, sukulu ya mwana ili pafupi. Za magetsi ndi netiweki sanatchule, ngakhale mudzi wonse mpaka nkhuku zomwe unkadziwa.

Woyankha anali a Mateyu, atsibweni a Faines, munthu wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Akamwini, mawu anu tawamva," anatero a Mateyu. "Koma mwana wathuyu sitingamupereke kwa munthu amene sitinaone nkhokwe yake. Munda wa kuphiri uja mukuudziwa. Faines walima, wabzala, wapalira. Chatsala n'kulondera anyani basi. Chimanga chimenecho chikalowa m'nkhokwe, mkazi ndi mwana mutenge. Chikapanda kulowa, tidzafunsana kuti ntchito yanu pamudzi pano ndi yotani."

Munda umenewo unali wokhawo wa chimanga umene banjalo linali nawo, ndipo unali m'mphepete mwa nkhalango. Anthu ankayembekeza kuti mkamwini awiringula. M'malo mwake anavomera mwansangala, moti apongozi ake aakazi anapita kukayamika kumphakati kuti mapemphero ayankhidwa. Osadziwa kuti Elifala anali atakwerako kale kuphiriko tsiku lina, n'kupeza kuti pansanja yolonderapo timizere tonse ta netiweki timadzaza.

M'mawa woyamba Faines anamupatsa legeni imene malemu bambo ake ankalondera nayo munda womwewo. Inali yakuda ndi thukuta, mphira wake wolumikiza pakati.

Elifala anaitembenuza uku ndi uku, n'kuseka chapamphuno. "Amake Marita, chida ichi anamanga ndani? Mphanda yake ndi yotambalala, mphira ndi wamfupi, chikopa n'cholemera. Zinthu zitatu zosagwirizana. Mwala ungapite bwanji molunjika?"

"Ababa ankathamangitsa nayo anyani mpaka tsiku lomwe anagona," anayankha Faines. "Nyani safuna kumulasa m'diso, bambo a Marita. Akangomva mwala walira m'masamba, amathawa."

"Ndiye vuto lanu anthu a kuno limenelo, kukhutira ndi zilizonse. Ndisiyireni ine, muona chida chenicheni."

Tsiku lomwelo anaimasula yonse. Ndipo kunena zoona, kafukufuku amene anachita masabata otsatirawo akanamuchitira pa feteleza, bwenzi Dowa yense akudya kwa iye. Anadula mphanda ya mtengo wa gwafa, n'kupeza kuti ndi yolimba koma yolemera. Anadula ya bulugamu, yopepuka koma yoterera m'manja. Anapempha chubu chakutha cha njinga yakapalasa, anapemphanso cha njinga yamoto, n'kumazikoka pamaso pa anthu kufotokoza kuti china chimaponya patali, china chimabwerera msanga. Lilime la nsapato yake ya kutchalitchi analidula kuti likhale chikopa, kenako anati lakhuthala, n'kudulanso lamba. Matumba a buluku lake anatupa ndi zipangizo. Faines akafunsa kuti legeni ija ili pati, yankho linali limodzi: "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwambi wabwinobwino unasanduka mpando wa mlesi.

Kumudzi ulemu wake unakwera. Ankanyamuka kusanache bwino, foni yodzaza moto wa sola m'thumba, n'kubwera madzulo maso ali psu. Anthu ankati mkamwini wasintha. Aliyense akamufunsa Marita kuti ababa ali kuti, kamwanako kankaloza kuphiri, anthu n'kumaseka mokondwa.

Koma anyani si zitsiru. Masiku oyamba ankakhala pamiyala kumuyang'ana munthu wa pansanjayo. Anaona kuti sakuwa, saponya mwala, satembenuka. Anayesa mzere wa m'mphepete, palibe chinachitika. Mawa lake analowa mizere ingapo. Elifala ankaona mapesi othyoka akamatsika, mtima n'kugunda pang'ono, koma ankadzitonthoza kuti legeni ikangotha kumangidwa adzalipira onse.

Tsiku la tsokalo linafika chimanga chili dowe, ngala zitalemera. M'mawa umenewo eni gemu anatulutsa mpope watsopano, ndipo Elifala anaona kuti mwina chimene ankasowa zaka zonsezi chafika. Anauyesa ndi tsinde lolemera, anauyesa ndi lopepuka, anachotsa kagalasi n'kuikapo kena. Kenako anavala mahedifoni m'makutu onse awiri n'kulowa m'nkhondo, pakuti mu gemuyo wopambana ndi amene amamva mapazi a mdani asanamuone.

Anyani anatsika gulu lonse, amuna, akazi, ndi ana ali pamsana. Nyani sadya ngati munthu wanjala, amadya ngati munthu wachipongwe: athyole, alume kamodzi, ataye, athyole china. Munda unkalira phofo, phofo, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Chinyani china chachimuna chinadzakhala pamthunzi wa nsanja yomweyo, n'kumasenda dowe mosathamanga, ngati chaitanidwa.

Dzuwa lili pamutu Faines anakwera phirilo, Marita kumsana, maungu ophika m'kambale, kudzadyetsa mlonda wake. Atatulukira pamunda anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Thukuta lake lonse la dzinja linali pansi, loluma kamodzi kamodzi.

"Bambo a Marita!" anakuwa. "Bambo a Marita, mayo ine!"

Elifala anazindikira kuti pansipo pali munthu, koma maso sanachotse pagalasi la foni. Anangokweza dzanja limodzi. "Tadikirani kaye, amake Marita," anatero mokweza, monga amachitira munthu wotseka makutu. "Pali wina akundizembera kumbuyo, ndikumva mapazi ake."

Faines anaponya kambale ka maungu pa chinyani chija, n'kuyamba kutola miyala, akulira, mwana akulira kumsana. Apo m'pamene Injiniya anavula mahedifoni n'kuona dziko. Anadumpha pansanja, manja m'matumba, n'kutulutsa mphanda kudzanja ili, mphira kudzanja linalo, zikopa zikugwera pansi. Ndipo ngakhale pamenepo, anyani akuthawa ndi ngala m'khwapa, munthuyo anaima kaye kuyang'ana ya gwafa ndi ya bulugamu. Akuluakulu sananame, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, kungoti tsiku limenelo wogwa chagadayo anali wovala buluku.

Zotsala m'mundamo sizikanadzaza ngakhale ngolo. Ankhoswe a mbali zonse anakumana Loweruka m'mawa paseri pa nyumba ya apongozi. A Mateyu sanakalipe. Anangopempha kuti mkamwini aonetse anthu chida chimene ankalondera nacho. Elifala anakhuthula matumba pamphasa, n'kuyamba kufotokoza za kulemera kwa mphanda ndi kutamuka kwa mphira, ngakhale tsopano mantha anali atamugwira zenizeni. Ankhoswe ake omwe anayang'ana kumbali ndi manyazi.

Iye ali pakati pofotokoza, Faines anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, n'kutola mphanda imene inali pafupi, mphira umene unali pafupi, ndi lilime la nsapato lija. Anamanga legeni ndi mano ndi zala, maso ali otupa, n'kuiika pamiyendo pake.

"Akamwini," anatero a Mateyu, "ukwati wa kutchalitchi ife sitimasula, tilibe mphamvu imeneyo. Ku Madisi munkakufuna, pitani. Koma mupite nokha, mukapume kaye. Chaka chino pakhomo pano pali njala, ndipo pakamwa pamene sipabweretsa kanthu sitingapakwanitse. Mwanayu ndi wa mbumba ino, atsala ndi amake."

Elifala anayang'ana mkazi wake kuti mwina amunenera mawu. Faines ankayang'ana pamphasa. Mwamunayo anatola zipangizo zake chimodzichimodzi, ndipo posowa chochita ndi manja anafikira ndi legeni inali pamiyendo ija.

"Iyo isiyeni," anatero Faines. "Iyo ili ndi ntchito kuno."

Lero Elifala ali pashopu ya a Sharifu, pampando wake wakale. Magetsi alipo, netiweki ndi yodzaza usana wonse, palibe womutuma kumunda. Mfuti ija anaipeza, mpope watsopano uja ndi tsinde lolemera, ndipo amati sidumpha m'manja ngakhale pang'ono. Amauza aliyense wobwera kudzatchajitsa, ngakhale amayi ogulitsa tomato amene sanamufunse. Za kuphiri satchula. Amati akukonzekera kukapepesa, akungoyembekeza kuti apeze mawu ogwirizana bwino.

Tsiku lina kunabwera a Anjelina, oyandikana nyumba ndi Faines, amene anadzaona m'bale wawo kuchipatala. Elifala anawalandira foni, n'kuilumikiza, n'kuzungulirazungulira ndi mafunso a mvula ndi mitengo ya mtedza. Kenako anafunsa chimene chinkamudya mumtima. Ankafuna kumva kuti kumudziko kuli dzenje pamene iye anachokapo.

"Nanga Marita? Ndiye kuti akuvuta kwambiri usiku, kundilira?"

A Anjelina sanafune kumupweteka, anangonena zimene anaona. "Ayi, salira, ali bwinobwino. Sanadziwe n'komwe kuti munachoka. Tikamufunsa kuti ababa ali kuti, amangoloza kuphiri ngati kale."

Elifala anatsitsa maso. Foni yake inali pathebulo, gemu ili yotsegula, mfuti yake yabwino ija ikuzungulira yokha pagalasi kudikira mwini wake. Kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa, anaitembenuza chafufumimba.