Rauta ya Amayi Mailesi M'sutikesi Yachitsulo

Kodi munaonapo mzimayi wamkulu, wamvano, akusowa poyang'ana m'nyumba mwake momwe? Zinawachitikira amayi Mailesi a ku Matandani.

Mayiwa ndi mlimi wa chimanga ngati tonsefe. Mwana wawo Fackson ali ku Joni, ndipo anawatumizira kabokosi ka netiweki, kamene achinyamata amati rauta. Kamakhala pawindo loyang'ana kuphiri, poti netiweki imagwira pamenepo basi. M'mawa amakapukuta fumbi, n'kukatchaja pa sola. Magetsi ake akafiira amakazimitsa, n'kunena Atate Wathu mpaka Ameni, kenako n'kukayatsanso. Lamulungu azimayi amene amuna awo ali ku Joni amadzaza khonde kudzawayimbira foni.

Ndiye linafika tsiku la chinkhoswe cha Fackson ndi Yunike wa ku Nsambe. Mnyamatayo sanabwere, anagwirizana kuti akuchikazi amuone pa foni, avomere ndi pakamwa pake. Mtima wa mayiwa unayamba kunong'ona: alendo ambiri chonchi, osawadziwa, kanthu kakang'ono aka sikalowa m'chitenje? Anakatsekera m'sutikesi yachitsulo, kali koyaka. Ankati poti netiweki imadutsa khoma, chitsulonso idutsa.

Anthu atakhala pansi, a Zefaniya, amalume a Yunike, anati, "Tiyimbireni mkamwiniyo timuone."

Foni zii. Anayesa ina, ziinso.

"Kodi mwamunayu alipodi? Kapena mwana wathu akukwatiwa ndi chithunzi?" anatero a Zefaniya, akuvala chipewa. "Yunike, dzuka tizipita."

Yunike anayamba kulira. Amayi Mailesi akanatha kunamizira mitambo, koma ukwati wa mwana wawo unali ukutuluka pakhomo. Analowa kuchipinda, nakoka sutikesi ija mpaka pabalaza, namasula kiyi pa mpango, natsegula onse akuona.

"Eti asewere," anatero a Zefaniya, "mbuzinso mwatsekera? Nanga supuni mwatipatsazi, tizibweza tisanadye?"

Palibe anaseka. Mayiwa anagwada, maso pansi.

"Ndinakuganizirani zoipa musanandilakwire. Mulungu wandiyalutsa, ndipo wachita bwino. Pepani."

Anapereka kabokosiko m'manja mwa amayi ake a Yunike. Iwo anakalandira, kenako anaimirira n'kufunsa, "Windo lake ndi liti?"

Magetsi atabiriwira, nkhope ya Fackson inatulukira pa foni. "Amayi, mwakhala chete bwanji? Ndimayesa mwasintha maganizo!"

A Zefaniya anavula chipewa, nakhala pansi.

Chinkhoswe chinatheka, koma mpaka lero akuchikazi akamabwera amafuulira kumsewu kuti, "Bisani katundu, tafika!" Mayiwa amangophimba kumaso ndi chitenje. Mukadzadutsa ku Matandani, kapatukeni mukawaone. Kabokosi kali pawindo, ndipo sutikesi ija anaichotsa loko.