Manda a amayi anatayika pakati pa makope awiri

Senderani kuno, owerenga anga, mukhale pafupi mumve. Ine cholembera sindichidziwa. Ndikulankhula, ndipo mwana wanga Rozalina, purofesola wophunzitsa ana a sukulu ku Lifidzi, ndiye akulemba. Lero akulemba mlandu wake womwe.

Lachiwiri tinapita kumanda ndi simenti kuti timange chiliza cha amayi anga. Tinaima pakati pa mitumbira isanu ndi iwiri yomera udzu. Wa amayi ndi uti?

Amayi anaikidwa nthawi ya nkhondo, ine nditathawira kale ku Dedza. Amene analipo ndi achemwali anga, a Nambewe. Chaka chatha, chifuwa chitawagwira, anaitana Rozalina nati, "Lemba, iwe, ndisanapite nazo." Masiku atatu ankatchula wogona aliyense ndi malo ake, Rozalina akutayipa pa tsamba la pa intaneti, lija anthu angapo amalembapo nthawi imodzi.

Mchimwene wake Armando, amene amakhala ku Tete, amasunga mbiri yomweyo ya banja lathu m'komputadolo, m'chimene iye amati nkhokwe. Akuti imakumbukira kusintha kulikonse, wosintha ndi tsiku lake. Koma imakumbukira zokhazo zimene zathiridwamo. Tsamba ndi nkhokwe amazilumikiza kuti zifanane, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake walumikiza.

A Nambewe atamwalira, Armando anayesa kulumikiza. Makina anakana, akuti makope asemphana, poti iyenso anali atakonza mizere yomweyo. Mwaphuma anafufuta tsamba lonse, natsegula latsopano kuchokera m'nkhokwe.

Kumanda kuja Rozalina anafufuza patelefoni, osapeza kanthu. Anaimbira Armando.

"Achimwene, mawu a amayi aakulu ali kuti?"

"Kodi sunathire m'nkhokwe?"

"Nkhokweyo ndi yanu! Ine ndimadziwa ya chimanga."

"Ndiye palibetu, mlongo wanga."

Ndinamufunsa Rozalina, "Masiku atatu onse aja, sunagwireko kanthu m'mutu?"

Anayang'ana pansi. "Amayi, ndinkamva ndi zala."

Ndimukalipire bwanji? Ineyo masiku amenewo ndinali pakhonde, ndikumenya nyemba. Mawu a achemwali ndinkawamva chapatali, koma sindinalowe. Ndinati zikulembedwa.

Si mmene tikukhalira tonse masiku ano? Chinthu chikangolowa m'makina timatseka makutu. Ndipo chikasungidwa ndi anthu awiri, aliyense amagona tulo poganiza kuti mnzake ali maso. Mbewu ya nyemba zakale inatha chimodzimodzi kuno: aliyense anadya yake, ati kwa anansi ilipo.

Armando tsopano amalumikiza tsiku lililonse, koma mawu ajawo sabwerera. Rozalina akamaliza kulemba amandibwerezera pamtima, monga achitira ndi nkhani ino. Simenti ili kuseri kwa chitseko, yayamba kuuma. A Nambewe manda awo tikuwadziwa.

Amayi okha ndiwo ali penapake pansi pa mitumbira isanu ndi iwiri ija. Ndayamba kuilambula yonse.